Kale Latsopano

Ku Sheffield mvula ikuwaza pawindo.
Mzati waimitsa kanema pakati.

"Amayi, anamatu awa.
M'magawo akale aja woyendetsa chombo
analumbira kuti sanapondepo dziko la miyezi itatu.
Lero suyu, ali kamtsikana,
akutola miyala komweko!"

Kope lake la madeti lili pabondo,
wadula mzere wofiira.

Ine ndikusita yunifolomu ya usiku.
Ndinamuuza kuti bambo ake anatsala pa Chileka
akutibayibitsa.
Chaka chatha lilime linaterereka,
ndinati pa depoti ya Wenela.

Mwana wosunga madeti chotere
tsiku lina adzandiimitsa pakati nanenso.

"Mwina anangoiwala," ndatero,
nsimbi ili pakolala.

"Munthu saiwala dziko lathunthu, amayi."