Mkazi wa M'galimoto Yanga

Sienta yanga inalowera pa Songwe
ili ndi fumbi la Dar m'matayala
ndi mkazi wosaoneka kuseri kwa wailesi.
Ndikangopotoza kiyi amalankhula,
mwaulemu, mothamanga,
ngati wopepesa mlandu umene sanapalamule.
Zaka zinayi pamsewu wa Ekwendeni
ndakhala ndikungoti zikomo mayi, n'kuponda mafuta.

Lachiwiri lina, nkhungu itameza Katoto,
ndikuperekeza Fwasani kusukulu,
mkazi uja anayamba zake.
Mwana wanga, maso ali pazenera, anati,
"Akuti khadi lolipirira msewu simunalowetse."
Ndinatsala pang'ono kugunda wakabaza.

Zinayamba ndi msuweni wake Walusungu,
wobadwira ku Indiana, mwana wa mlongo wanga namwino,
amene moni wa Chitumbuka umam'kakamira pakhosi.
Koma pakati pa usiku, foni ili m'bulangeti,
awiriwa amamvana bwinobwino
za anyamata ojambulidwa, a maso ngati mbale,
tsitsi losongoka ngati chinanazi.

Ndinafunsa mlongo wanga: matendawa mwawatola kuti?
Anapuma kaye. Ndinamva ketulo ikulira kwawoko.
Akuti kusukulu aphunzitsi amaluma dzina lake,
anzake amati ndi wa ku Africa,
akabwera kuno ife timati ndi Mmereka.
Ndiye wadzipezera dziko lachitatu
kumene aliyense ndi mlendo pofika,
kumene ngwazi imakhala kamwana kodya kokha pa buleki,
kogwa, kolira poyera mamina ali chuchuchu,
n'kudzukanso.
"Ali ambiri kuno otere," anatero, "azungu omwe."

Nanga wangayu, dzina lake palibe amaliluma?

Mpunga wa kilombero amadya ndi timitengo tiwiri
timene anasema kunsungwi ya kuseri kwa bafa.
Theka umathera pansi, nkhuku zimam'konda.
Kuseri kwa mapepala a mayeso
kwadzaza zilembo ngati mapazi a nkhukuzo.
Malisiti a madzi amawapinda n'kukhala mbalame,
ngongole yanga yonse yaima pawindo, yatambasula mapiko.

Nditamufunsa anandibwezera funso:
"Si inu munkati munkazemba sukulu
kukaonera karati m'kachisakasa ku Chibavi?"
Zoona. Tinkatuluka maso ali psuu
n'kukamenya mateche nthochi za eni,
osadziwa n'komwe ngati n'za ku China kapena ku Japan.
Tinkangofuna kuti kuseri kwa mapaini a Chikangawa
kukhale kwina,
kumene munthu wochepa thupi amagwetsa chimphona.
Sindinamuyankhe. Ndinakweza wailesi.

Usiku umenewo ndinatsegula kabokosi ka kutsogolo.
Muli kapepala kamene ndinakapeza pansi pa mpando
tsiku loyamba kutsuka galimotoyi.
Sindikudziwa chimene ndinakasungira.
Mwina ndinkati ndi pemphero, mwina kalata ya chikondi.
Magetsi anali atazima. Fwasani anayatsa tochi ya foni,
chala chikuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.
"Mazira. Mkaka. Anyezi.
Ichi sindikuchidziwa.
Ichi... mankhwala a agogo."

Basi.
Munthu wina, kutsidya kwa nyanja zimene sindidzaziona,
anakhala pampando wangawu
akuwerengera ndalama za mazira,
mvula mwina ikuwaza ngati ya kuno,
n'kuiwala kapepala kake.
Kaya mankhwalawo anakumbukira.

Mwana wanga anapempha kapepalako.
Sanakapinde mbalame.
Anakajambula n'kutumiza ku Indiana,
ndipo ndinamva kuseka kwa anyamata awiri
kukudutsa khoma mpaka tambala woyamba.

M'mawa kunazizira mpaka mano kuguguda.
Ndinapukuta galasi ndi mkono wa juzi,
ndinapotoza kiyi.
Mkazi uja analankhula.
Ndinamudikira amalize, kenaka ndinati:
ndamva, mayi, koma khadilo ndilibe.
Kuno timalipira ndi msana, m'maenje a ku Luwinga.
Tiyeni, anthu akudikira pa depoti.