Nthudza Yosabereka

Ntchito yanga kuno ku Zomba ndi yopanikiza masamba.
Ndimawagoneka pakati pa nyuzi zakale,
thabwa pansi, thabwa pamwamba, lamba n'kumanga,
mawa lake kusintha nyuzi zonyowa
mpaka tsamba litaiwala kuti linkamwa madzi.
Kenaka Mayi Makwinja amalemba dzina lalitali pakakhadi
n'kutsekera mukabati yonunkha mankhwala a njenjete.

Lachiwiri lapitali anabwera ndi nthambi ya ku Chingale.
"Jafali, gwira bwino, maluwawo ndi aang'ono."
Ine ndinaizindikira ndi chala, maso asanafike:
munga wake sulasa ngati wa mtengo wina,
umalowa mwaulemu, kupweteka kumabwera pambuyo.
Masamba a m'mphepete mwa manomano,
anthete ali ofiira ngati khanda la dzulo.
Nthudza.

Kwathu kunali ziwiri, kuseri kwa chulu,
zosatalika, mbuzi ikaima ndi miyendo iwiri inkafika.
Ina inkabereka mpaka nthambi kugwada.
Tinkathyola zofiirira, zolimba,
kuzifikisa m'manja mpaka zitafewa n'kuda,
chifukwa ukaluma yosafikisa
imakumanga m'kamwa ngati walumbira bodza.
Njere tinkalavulira m'njira ya kusukulu,
malaya oyera n'kusanduka mlandu kunyumba.

Inayo ayi.
Chaka ndi chaka maluwa mbwee, njuchi pikitipikiti,
chipatso ngakhale chimodzi, ng'o.
Tinkaitcha gojo.
Tinkaiponya miyala pochokera kudambo.

Chaka chimene mvula inathawa mu Januwale,
achimwene a Twaibu ananola nkhwangwa.
Anati mtengo waulesi ulipire lendi,
nauponya mu uvuni pamodzi ndi tsanya.
Sunadzaze n'komwe theka la thumba.
Ndalama yake inagula mchere ndi makope anga awiri.

Chaka chotsatira yobereka ija inachita maluwa, n'kuyoyoka.
Chinacho, tizipatso towerengeka ndi zala.
Ena anati yakalamba,
ena anati pali amene anaikodzera usiku.
Tinasiya kupita kuchulu.

Ndiye Lachiwiri lija mayiwo anandipatsa galasi.
"Suzumira. Ukuona chiyani?"
Timaulusi tachikasu tothithikana,
kalikonse kanasenza ufa kumutu.
"Umenewo ndi mungu. Uwu ndi mtengo wamphongo.
Waukazi uli ndi kamimba kobiriwira pakati pa duwa.
Amakhala payekhapayekha, awa,
njuchi ndiye mtenga wawo.
Ukadula uwu, winawo umangodikira."

Anatero akufunafuna cholembera,
osadziwa kuti andiponda pachilonda.
Kunja Mulunguzi ankangopita ndi phokoso lake,
ana a sukulu akujambulana pansi pa mitengo yakunja
yokhala ndi mayina pa timalata.
Ine ndinawerenga zaka: khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Makope aja ndinalembamo masamu,
ndipo masamuwo ndinalephera.

A Twaibu masiku ano amapalasa kabaza pa Chinamwali,
mawondo ayamba kuwavuta.
Madzulo ndinawapeza pa siteji akupopa tayala.
Ndinafuna kuwauza.
M'malo mwake ndinafunsa za chitsa.
"Chiti? Cha gojo uja?
Chimaphukira dzinja lililonse, chamakani,
koma mbuzi za a Mdala Kaisi sizichipatsa mpata."

Loweruka ndikwera lole ya kumsika,
nditsetsereke phiri mpaka kumene mphepo imatentha.
Ndatenga waya wotsala pa mpanda wa ofesi,
ndapempha, sindinabe.
Sindikudziwa kuti mphukira imafuna zaka zingati
kuti ikumbukire kuchita maluwa,
ngakhale mayiwo akuti sangalonjeze.
Sindikudziwanso ngati yaikazi ija ikadalipo.
Ndinaiwala kufunsa.

Nthambi ya ku Chingale yauma bwino.
Ndaimata papepala ndi timizere ta guluu,
munga umodzi waboola ngodya.
Pakakhadi, pansi pa dzina lalitali,
pali kachizindikiro ka mwamuna,
kozungulira, ndi muvi woloza kumwamba.