Kolona Yoperewera

Kolona yanga inadukira mu minibasi ya ku Chirimba
kondakitala atakoka chikwama changa
kuti tithinane anayi anayi.
Mikanda inamwazikana pansi pa mipando.
Mayi wina wa dengu la tomato
anatolako isanu n'kundifumbatitsa,
osanena kanthu.
Kunyumba nditawerenga, itatu inali itasowa.
Ndinalumikiza ndi ulusi wakuda wosokera nsapato,
ndipo mpaka lero, pa chigawo chachinayi,
chala changa chimatsetsereka pa ulusi wokhawokha.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Dipuloma ili mu envulopu pansi pa matiresi.
Ndimaswera m'kakhumbi ka malata ku Limbe
kutumizira anthu ndalama pa foni.
Zala izi zimadziwa kuwerenga:
masauzande a eni ake, onunkha thukuta ndi usipa,
sizilakwitsa, chifukwa ikasowa kwacha
abwana amadula pa malipiro.
Ndiye usiku zikafika pa mpata uja
zimanjenjemera ngati zaba.

Ndinakawauza Bambo Likhutcha pa kulapa,
Loweruka masana, tchalitchi chikununkha polishi.
Ndinati mapemphero anga sakukwana, Bambo,
tsiku lililonse ndimatsala ndi ngongole ya atatu.
Anaseka chapansipansi kuseri kwa nsalu.
Anati, mwana wanga, kuno si ku sitolo,
palibe adzakufunse chenje.
Usagule ina. Pa mpatapo uzikhala chete.

Kukhala chete n'kovuta
ngati khoma lako ndi la shabini.
Komabe ndinayesa.

Pa mpata woyamba pamabwera Kondanani,
mlongo wanga ali ku Joni,
amene foni yake inasiya kuitana Pasaka itangotha.
Sindipempha zambiri. Ndimangomutchula
monga ankachitira amayi pomuitana kumpira kukada.

Pa wachiwiri, Felesiya.
Tinkaimba limodzi kwaya ku CI, iye mawu apamwamba.
Pano ali kwa mneneri wa ku Ndirande,
amagula mafuta a m'kabotolo,
ndipo anandiuza pa msika, tikusankha kaunjika,
kuti Mulungu wa kwanuyo amachedwa.
Ndinasowa choyankha.
Ntchito anaipezadi, ku banki.
Ndimamupempherera mano ali gwa,
nsanje itakhala pambali panga pa bedi,
koma ndimamupempherera.

Wachitatu ndi wanga.
Pamenepo ndilibe mawu abwino.
Nthawi zina ndimakalipa:
makalata makumi anayi ndaponya, Ambuye,
nsapato zathera mu Victoria Avenue,
kodi mumawerenga?
Nthawi zina ndimangomva kupuma kwanga,
agalu aku Chemusa, jenereta ya aneba,
ndi china chake chosalankhula
chimene sichichoka.

Lachisanu Loyera tinakwera Michiru,
achinyamata a mphakati wathu, madzi m'mabotolo a sobo.
Akuzike anasenza mtanda, malaya atanyowa,
ena akujambulana pa foni.
Pa malo achisanu ndi chiwiri ndinaterereka,
bondo linachubuka, ndinatukwana pang'ono,
mnyamata wosamudziwa anandidzutsa
pemphero lake osalidukiza.
Pamwamba, mzinda wonse unali pansi pathu,
malata akuphethira padzuwa,
ndipo kakhumbi kanga sindinakaone n'komwe.

Dzulo magetsi anazima ndisanayambe.
Ndinagwada mumdima, kenaka ndinakhala,
kenaka ndinagona chammbali,
tulo tinandipeza ndisanafike ngakhale pa ulusi.
Ndadzuka mbandakucha, kolona ili m'manja,
mtanda wake utadinda chizindikiro pa tsaya.
Kondanani sanaimbe.
Ndasamba madzi ozizira, ndapaka mafuta,
chizindikirocho sichinafufutike.
Ndikwera nacho minibasi,
ndipo kondakitala akati tithinane,
ndisendera.