Pomwe Tepi Idadukira

Minibasi idafera pa Mpondasi.
Kondakitala adatibwezera theka,
theka linalo akuti lamwedwa ndi injini.
Ndidalowa m'boma pa kabaza, chikwama pamiyendo,
matola a ku Chiponde atatha kale.

Pamtengo wa magetsi, pafupi ndi nsanja ya wotchi,
pepala lomata ndi phala la chinangwa:
LAJABU MTILA, LERO LOKHA.
Ndidaliwerenga kawiri.
Ine ndinkayesa munthuyu adatisiya kalekale.

Kaseti yake idali ya achimwene a Fanuwelo.
Tinkaibweza ndi bolopeni, kusunga mabatire,
mpaka tepi idaduka pa nyimbo yachinayi.
Tidailumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa alamu,
koma mawu ena adatsalira pa lumo.
Ankati: "Nditafika pakhomo pako ndili ndi..."
kenako phwii, gitala kupitirira yekha.
Ali ndi chiyani?
Achimwene ankati mpeni. Ine ndinkati mwana.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mlandu osagamulidwa.

Ndalama yogonera ndidaisiya pakhomo la holo.

Ndi wamfupi, kodi.
Jekete lomukulira, dzino limodzi kulibe,
gitala womangidwa bandeji pakhosi.
Adatipatsa moni m'Chiyao, ife obwera nkungomwetulira,
adadikira kuti mzikiti wa kuseri umalize kuitana,
ndiye nkukhudza nsambo.
Kutentha kwa Okutobala kudatimata pa mabenchi.
Mayi wa pambali panga ankandikupiza ndi chitenje chake
osandifunsa dzina.

Itayamba yachinayi ndidaimba foni ku Joni.
"Achimwene, khalani chete, mverani,"
nkuikweza m'mwamba ngati ndikufunsa funso m'kalasi.
Mtila adatseka maso,
adafika pakhomo paja,
mayunitsi anga nkutha.

Ndidamva ndekha.
Si mpeni. Si mwana.
Suzumire, abale!
Suzumire wobwereka chaka chatha, wong'ambika kale,
munthu wasowa chifukwa china chogogodera.
Ndidaseka mokweza pamalo posaseketsa,
anthu nkutembenuka,
kenako kuseka kuja kudasanduka zina
ndipo mayi uja adandipatsa nsonga ya chitenje.

Ndidagona pakhonde la depoti, chikwama kumutu,
udzudzu wa mu Shire ukuyimba zawo.
Foni idalira kasanu.
Uthenga: Wati chani? Ndiuze iwe.

M'mawa tikuwoloka mlatho pa lole ya simenti,
ndidamuona pansi apo, pa kabaza nayenso,
gitala kumsana, akudya chimanga chootcha.
Sindidamuitane.

Achimwene, sindilemba.
Papita zaka zisanu ndi zinayi muli ku Joni,
denga la amayi likudontha mbali ya kumadzulo.
Mawuwo ndawamanga pa mfundo ya mpango.
Mukawafuna, kwerani basi,
mudzagogode.