Pomwe Panali Ng'anjo Yachitatu

Lachinayi lililonse timakumana poimika magalimoto,
ine, Wilf Teasdale, ndi Alban wa khutu limodzi,
kuti tikangane za malo.
Wilf amati ng'anjo yachitatu inali apa,
pomwe amasonkhanitsa tingolo togulira zinthu.
Alban amati wakalamba iwe, inali uko,
kuseri kwa pothira mafuta,
n'kuloza ndi dzanja lija linatsala ndi zala zitatu.
Ine sindilowerera. Ndimangogunda phula ndi chidendene
ngati pansi pangayankhe.

Consett wa masiku ano wayera.
Chipale chofewa chikagwa m'mawa, madzulo chikadali mbee.
Kale chinkafiira tisanamalize tiyi.
Mayi anga ankayamba anyowetsa chala ndi malovu
kuti amve kochokera mphepo;
ikachokera ku fakitale,
zochapa zinkagona m'beseni masiku atatu.

Ndinalowa pachipata chija ndili ndi zaka khumi ndi zisanu,
nditavala nsapato za malemu amalume
zofutika nyuzipepala kuzala.
Kapitawo Coulthard sanafunse dzina langa.
Anangoti, ukamva wina akukuwa usacheuke,
thawa kaye, udzafunsa mawa.

Usiku akakhuthula matope a moto kutsetse
thambo lonse linkachita psuu,
agalu osauwa, anazolowera.
Unkatha kuwerenga kalata pakhonde popanda nyale.
Ndi mmene ndinawerengera ya Hilda,
yoyamba ija, yondikana.

Musatinamizire kuti tinali ku paradaiso.
Mverani chifuwa cha Wilf pokwera masitepe.
Funsani Edna wa ku kantini za Septimus Raine,
amene anaterereka pamwamba pa chiphika shifiti ya usiku.
Bokosi lake tinanyamula anthu asanu ndi mmodzi,
ntchito yoti mwana akanaitha yekha.
Edna mayina akumuthawa tsopano,
koma shuga amakumbukira:
Septimus masupuni anayi, osatakasa.

Atatseka, chimene chinatisowetsa tulo ndi zii.
Zaka makumi atatu mawindo akunjenjemera,
kenako wotchi ya pakhoma n'kuyamba kumveka.
Hilda ankandipeza m'khitchini mbandakucha
nditavala kale jekete, mkate uli m'thumba.
Ankangoyatsa ketulo, osanena kanthu.

Tsiku logwetsa chumuni tinaima pamtunda.
Ena anabwera ndi ana pamapewa, ena ndi makamera.
Inayamba yagwada ngati ng'ombe yolasidwa,
phokoso n'kutipeza mochedwa, zonse zitatha.
Alban sanalimve n'komwe.
Anandikoka malaya, agwetsa liti kodi?
Akufunsa fumbi lili m'mano.

Zotsalazo anazidula, anazikweza pa malole.
Fakitale ya zitsulo inagulitsidwa pa sikelo
ngati zitsulo zakutha za aliyense.
Njanji anazula. Anadzala kapinga.
Mdzukulu wanga amayenda panjinga pomwe ndinkakolezera thukuta,
ndipo akuti pamanunkhira bwino.

Lero mnyamata wosonkhanitsa tingolo watiimira pafupi,
chovala chake chowala ngati cha apolisi apamsewu.
Akuti, mwataya china chake, madala?
Alban wapisa m'thumba, watulutsa kiyi wa loko yake,
nambala 214, wosalala ndi chala chachikulu.
Akuti, kiyi ndili naye, chikusowa ndi chitseko.
Mnyamata wakanda m'mutu.
Akuti, zotayika mukafunse m'kati, pafupi ndi pogulitsa maluwa.

Wilf waseka mpaka kutsokomola,
watsokomola mpaka tamugwira m'mapewa.
Talowa kukamwa tiyi wa m'makapu a pepala.

Sindinawauze anzanga,
koma pali kadera pafupi ndi mzere wachisanu ndi chiwiri
pomwe chipale chimayamba kusungunuka.
Ndikudziwa, pansi pake padutsa paipi
yochokera kophikira buledi.
Woyang'anira sitolo anandifotokozera bwinobwino.
Ndimaimabe pomwepo podikira basi,
manja ali kunja kwa matumba.