Tipitirize?

Usiku uja ku Chikanda, magetsi atangobwera,
Twaibu anakokera laputopu yanga pamwendo pake
nati, ndibwereke pang'ono,
ndikufuna laibulale imodzi yojambulira mapu.
Imodzi yokha, anatero.

Pawindo lakuda lija analemba mzere umodzi,
sudo apt install, kenako dzina la mlendoyo.
Mawu achinsinsi ndinalemba ine,
iye ataphimba maso monamizira.
Makina anayankha ngati kalaliki wa kwa DC:
mwamuitanayu sayenda yekha,
ali ndi omuperekeza makumi anayi ndi atatu.
Wina ngwoyeza ngodya, wina amasunga zilembo,
wina sindinaidziwe n'komwe ntchito yake
koma popanda iye enawo sakhala pansi.
Tipitirize?

Twaibu anadina osawerenga.
Bandulo yanga ya sabata yonse inasungunuka
ngati sopo woiwalidwa m'beseni.
Kamzere kanakwawa, kanakwawa, n'kuima pakati.
Mvula inali kutsika m'phiri, Likangala atadzaza,
iye atakweza foni pazenera kusaka netiweki
mpaka mkono unachita dzanzi.

Kutacha, mapu a Chilwa anabadwa:
madzi a chaka chatha, madzi a chaka chino,
gombe likuthawa ngalawa za ku Kachulu.
Anakhoza nawo mayeso. Anavala gauni ku Chirunga.
Usanathe mwezi anakwera basi ya ku Joni.

Lero makina akudandaula kuti malo atha.
Ndakhala pakhonde la ofesi nthawi ya nkhomaliro,
apusi akuthamangitsana pamalata,
ndipo pamene iye analemba install
ine ndalemba remove.

Makina sadabwa, safunsa kuti mwayambana chiyani.
Angowerengera malo amene nditapeze.
Tipitirize?
Eya.
Cholowa usiku wonse
chatuluka ndisanamalize kusenda nthochi.

Koma omuperekeza aja atsala pabwalo ndi zikwama zawo.
Awa, akutero makina, anabwera chifukwa cha wina,
tsopano palibe akuwafuna.
Lamulo lowasesa lilipo. Ndalilemba.
Anyamuka makumi anayi ndi awiri.

Mmodzi wakana.

Ndafufuza, ndapeza kuti kapulogalamu kanga
kowerengera malipiro a alonda,
kamene ndinkati ndinakalemba ndekha mu Juni,
kakhala katatsamira pa iyeyu miyezi yonseyi
ine osadziwa.
Kumuzula, n'kugwetsa zanga zomwe.
Chabwino, khala.

Ndiye pali kafayilo kobisika,
dzina lake loyamba ndi kadontho,
kamene kuchotsa wamba sikukakhudza.
Ndakatsegula. Mizere isanu ndi iwiri.
Kukula kwa zilembo. Makulidwe a mizere.
Mtundu wa madzi: wotuwa,
chifukwa ankati aliyense wopaka Chilwa buluu
sanapondemo phazi.
Pansi penipeni, kuseri kwa kachizindikiro
kouza makina kuti apa musawerenge, si panu:
Ndaziona, usasinthe izi, sindinamalize.

Mawu ofufutira zonse ndikuwadziwa,
ndi zilembo zisanu zokha,
sasiya ngakhale fungo.
Kamzere koima kaja kakuphethira, kakudikira,
kalibe kopita.

Pusi wina watsika, watola khoko la nthochi.
Amayi Chikaonda akuitana m'kati,
akuti hafu wani yakwana kalekale,
alonda akudikira ndalama zawo.

Ndatseka laputopu.
Kafayiloko n'kochepa.
Sikadya malo.