Ngalande ya Nyumba Zitatu

Madzi sadziwa malire a puloti.
Amanyamuka kubafa kwa aNamwale ali ndi thovu,
n'kudzera kuseri kwa telala Gostino
komwe amatola ulusi ndi tizidutswa ta nsalu,
kenaka n'kufika kwa ine wakumunsi,
ine amene ndinalowa nyumba ino m'chilimwe
osafunsa kuti mvula ya ku Chankhanga imagona kuti.
Amati madzi saiwala khwawa.
Khwawa lake ndine.

Lachiwiri payipi inasiya kumeza.
Pofika Lachinayi chithaphwi chinali pakhonde,
chobiriwira, chonunkha ngati dzira lovunda,
udzudzu utayamba kale kumangapo mudzi.
Ndinayala njerwa zisanu zopondapo,
Lonjezo wanga n'kumadumpha ndi nsapato m'manja
popita kusukulu.

Lufeyo waganyu anabwera ndi nsungwi yaitali,
anagwada, anasuzumira, analavula,
nati, "Sikisi sauzande, mayi.
Sopo wosambira mundipatsa padera."

Ndinakwera kumtunda.
ANamwale, akusenda mbatata ya chipisi, sanadzutse mutu:
"Madzi akatuluka pakhomo panga si anganso.
Lero mundilipiritsa madzi,
mawa mudzandilipiritsa utsi."
Gostino sanaimitse makina:
"Ine ndi ndowa imodzi patsiku, ndekhandekha.
Kafunseni kumene amataya mafuta a pachiwaya."
Eni nyumba ali ku Joni.
Ndinawaimbira, anati,
"Ndinamanga nyumba, sindinamange zinyalala,"
mayunitsi anga n'kuthera pomwepo.

Sabata yathunthu moni anasowa.
Mchere tinkakabwereka kutsidya kwa msewu.
Usiku ndinkawerenga ndowa za anzanga,
iliyonse ikathiridwa ndinkaimva
ikutsika kudzandipeza.

Kenaka mitambo inaunjikana paphiri la Kasungu,
yakuda bii, yosafuna kumva za mlandu wathu.
Ndinamasula mfundo ya chitenje,
ndalama ya makala,
ndinati, "Lufeyo, yambapo. Zinazo tiona."

Onse anatuluka kudzaonerera,
aliyense atapinda manja, kudikira kuti mnzake ayaluke.
Nsungwi inalowa, inabwerera ndi makoko a mbatata.
Gostino anatsokomola.
Inalowanso, inakoka zipi ndi nsanza.
ANamwale anaseka chammimba.
Kachitatu inakakamira.
Lufeyo anagona chamimba m'matope,
mkono wonse m'payipi mpaka paphewa,
buluku lake n'kung'ambika kumbuyo,
ndipo anazula chinthu chozungulira ngati dzungu.

Mpira wachikulunga.
Majumbo ake, omwe aja okulungira chipisi.
Pamwamba, nsalu yamaluwa ya diresi la kwaya
lomwe Gostino anasoka mwezi watha.
Zingwe zomangira, zobiriwira,
neti yanga ya udzudzu,
imene ndakhala ndikutukwanira makoswe.

Ana a nyumba zonse anaima kuseri kwa papaya,
chete, maso pa mpira.
Payipi inageya kamodzi,
chithaphwi chonse n'kutsetsereka chamanyazi.

Sitinapepesane. Ndisaname.
Ine ndinali nditapereka kale fili sauzande.
ANamwale anatulutsa thuu, yonyowa mafuta,
ndi chipisi cha m'mbale, chopanda kabichi.
Gostino anati, "Vula bulukulo ndilisoke,"
ndipo ati gawo lake ndi lomwelo.

Lufeyo amawerengera mwina.
Ati yatsala sauzande imodzi.
M'mawa uliwonse amadzera pano ndi nsungwi paphewa,
kupereka moni khomo ndi khomo,
moni wautali, woyang'ana m'manja.
Wakumtunda amaloza pakati,
wapakati amaloza kumunsi,
ine ndimaloza padenga
pomwe mpira uja, wochapidwa bwino ndi sopo wanga,
ukuuma.

Dzulo mvula inagwa usiku wonse.
Ndinagona ndikumvetsera payipi ikumeza,
ndikuwerenga mumdima
kuti makala a sabata ino ndigula ndi chiyani.